KUSAMUKA KWA APHUNZITSI NDI MALAMULO ATSOPANO A MAPHUNZIRO

(Mau amene mphunzitsi wa sukulu ya pulaimale ku Bauleni, mu Lusaka, ananena pa msonkhano wa aphunzitsi a m'midzi.)

 Ine ndine mwana pakati panu. Zaka zanga sizinafike 30, ndipo cimene ndiri naco ndi setifiketi ya uphunzitsi yokha. Koma popeza ndiphunzitsa ku Bauleni, akulu a bungwe lathu anandipempha kuti ndinene za kusamuka kwa aphunzitsi monga momwe tikuonera ife okhala m'makomboni a Lusaka. Ndinabvomera cifukwa funso limene ambiri a inu mumandifunsa nthawi ya chuthi ndi limodzi lokha, lakuti munthu acite ciani kuti ampatse malo ku tauni. Ndidzayesa kuyankha mosabisa kanthu. Poyamba ndinena za kale, kenaka za malamulo amene asintha masukulu athu, ndiponso za njira imene kalata ya transifa iyendamo, ndipo potsiriza ndinena zimene tingacite.

Za masiku a kale

Masukulu oyamba a dziko lino anali a Misyoni. Kum'mawa a Dutch Reformed anamanga pa Magwero mu 1899, nafika pambuyo pake ku Madzimoyo ndi ku Nyanje. A Katolika anamanga pa Minga, ndi a U.M.C.A. pa Msoro. Masiku amenewo mphunzitsi sanali kusankha kopita. Woyang'anira masukulu a Misyoni akati mawa upite ku mudzi wakuti, munthu anali kumanga mphasa ndi mabuku ake nkunyamuka. Eni mudzi anali kummangira nyumba ndi kumpatsa munda, ndipo iye anali mphunzitsi, mlaliki ndi mlembi wa makalata a mudzi wonse. Boma linayamba kulowa m'nchitoyi mu 1925, pamene G. C. Latham anaikidwa kuyang'anira maphunziro a anthu akuda, ndipo kuyambira 1939 aphunzitsi ambiri anaphunzira nchito yao pa Chalimbana.

Lusaka anakhala likulu la dziko mu 1935, koma amene anajambula mzindawo sanaganize kuti mabanja ocuruka a anthu akuda adzakhalamo. Munthu anali kulowa m'tauni ndi citupa, ndipo nyumba za Kanselo, monga za ku Chilenje ndi ku Matero, zinali za anthu a pa nchito. Ena onse anamanga pa malo a mafamu a Azungu, ndipo ndimo anamerera makomboni monga George, Chawama, Kalingalinga ndi Bauleni wathu. Titalandira ufulu mu 1964 citupa cinatha, anthu nathamangira ku Lusaka, makomboni nakula msanga. Lamulo lowabvomereza kuti akonzedwe ndi kukhala malo a anthu linadza mu 1974. Tsono taonani, pamene Boma linafika kuti limange masukulu, linapeza nyumba zitadzaza kale ponse ponse. Ici ndico cifukwa cake masukulu a m'makomboni ali owerengeka, ndi akuru kopitirira, ndiponso ambiri a iwo alibe nyumba za aphunzitsi. Musaiwale mfundo imeneyi, pakuti mabvuto ena onse atsamira pa iyo.

Lamulo liri lonse lisuntha aphunzitsi

Lamulo la Maphunziro la 1966 linaika masukulu m'manja mwa Boma kopambana kale, ndipo m'zaka zotsatira Misyoni zinapereka masukulu ambiri a pulaimale. Kuyambira pamenepo mphunzitsi anakhala wa nchito wa dziko lonse, woyenera kupita kuli konse kumene atumidwa. Pa nthawi yomweyo Cingerezi cinaikidwa kukhala cinenero cophunzitsira kuyambira Giredi 1, ndipo zimenezi zinapeputsa kutumiza Mlozi ku Chipata kapena Mcewa ku Mongu. Kunali nzeru m'menemo, pakuti mitundu inadziwana ndi kukwatirana.

Mu 1977 kunaturuka malamulo okonzanso maphunziro, amene anafuna kuti mwana ali yense aphunzire zaka 9. Cifukwa ca cimeneci masukulu ambiri a pulaimale anayamba kuonjeza Giredi 8 ndi 9, nachedwa masukulu a besiki. Kodi aphunzitsi a makalasi atsopanowo anacokera kuti? Ambiri anatengedwa m'makalasi a ana aang'ono, ndipo anali aja ophunzira koposa anzao. Mu 1996 buku la malamulo lochedwa Educating Our Future linagawa mphamvu ku maboma, ndipo kucokera m'menemo tinakhala ndi ofesi ya a DEBS imene tonse tiidziwa. Mu 2002, m'masiku a President Levy Mwanawasa, ndalama za sukulu zinacotsedwa kuyambira Giredi 1 kufikira Giredi 7, ana nadzaza m'zipinda. Koma dziko linali pa ngongole yaikuru, ndipo Boma linali litalonjeza eni ngongole kuti silidzacurukitsa malipiro. Motero mu 2004 aphunzitsi zikwi zingapo otsiriza maphunziro ao anali kungokhala pakhomo, pamene masukulu a m'midzi anali kulira aphunzitsi.

Boma limene linalowa mu 2011 linabwezera dongosolo la pulaimale ndi sekondale m'malo mwa besiki, ndipo masukulu ena anakwezedwa kukhala a sekondale. Mu 2014 zinenero zathu zinayamba kukhala zophunzitsira kuyambira Giredi 1 kufikira Giredi 4, ndipo ku Lusaka kunasankhidwa Cinyanja. Mu January 2022 Boma la President Hakainde Hichilema linacotsa ndalama za sukulu kufikira Giredi 12, ndipo caka comweco linalemba aphunzitsi 30,496. Mu 2025 anayamba maphunziro ena atsopano, a zaka 6 ku pulaimale ndi Fomu 1 kufikira Fomu 4 ku sekondale.

Abale, sindinachule zaka zimenezi kuti ndikuyeseni mayeso a mbiri. Ndifuna muone kuti nthawi iri yonse imene Boma lisuntha malire a pakati pa pulaimale ndi sekondale, lisunthanso anthu. Kalasi likacotsedwa pa sukulu yina ndi kuikidwa pa yina, mphunzitsi wa kalasilo alitsata. Pakatseguka malo a mphunzitsi wa dipuloma kapena digiri, opeza malowo msanga ndi aja okhala pafupi ndi makoleji ndi maofesi, ndiwo a m'tauni. Malo amene iwo asiya m'makomboni akhumbidwa ndi a kumidzi. Ndipo malo amene wa kumudzi asiya, kawiri kawiri palibe wowakhumba. Madzi onse atsikira ku dambo limodzi, ndipo kumtunda kuuma.

M'mene kalata ya transifa iyendera

Sukulu iri yonse ya Boma iri ndi malo a aphunzitsi owerengedwa m'buku la malipiro, limene a m'maofesi alicha PMEC. Mphunzitsi ali yense amangidwa ku malo amodzi a pa sukulu imodzi. Wofuna kusamuka alemba kalata yopitira kwa ahedi, ahedi apereka kwa a DEBS, ndipo ngati munthuyo afuna kuturuka m'cigawo cake, kalatayo ipita ku ofesi ya cigawo ndi kwa akulu a pamwamba, pakuti mwini wa nchito yathu ndiye Teaching Service Commission. Zifukwa zimene zimveka ndizo kutsata mwamuna kapena mkazi, matenda ofuna cipatala cacikuru, ndi kusinthana malo ndi mnzako wofuna kubwera kumene iwe uli. Mphunzitsi watsopano ayenera kuyamba watumikira zaka zoikika pa malo ake oyamba asanapemphe kucoka. M'masukulu a Misyoni othandizidwa ndi Boma, eni sukulu nawonso ali ndi mau pa za amene abwera kudzawatsogolera.

Njira imeneyi ikatsatidwa bwino, palibe wolakwiridwa. Bvuto liyamba pamene munthu apita ku Lusaka ndi thupi lake, dzina lake nkutsala m'buku la malipiro la sukulu ya kumudzi. Ndipereke citsanzo congoyerekeza. Sukulu yina iri ndi ana 400 ndi malo a aphunzitsi 8, ndiko kuti mphunzitsi mmodzi ana 50. Aphunzitsi atatu acoka kupita ku tauni osasintha malo ao a m'buku. Otsala 5 agawana ana 400, ali yense 80. Ahedi akadandaula, a ku ofesi atsegula buku napeza maina 8, nayankha kuti sukulu yanu njodzaza. Mphunzitsi watsopano sangatumizidweko, cifukwa palibe malo opanda mwini oti alipidwirepo. Umu ndimo sukulu ingakhalire zaka zambiri yolemera pa pepala ndi yosauka m'kalasi. Inu amene muphunzitsa magiredi awiri m'cipinda cimodzi mudziwa zimenezi kuposa ine.

Kulinso nkhani ya ndalama. Boma linaika ndalama yoonjezera kwa otumikira kumidzi, 20 pa 100 ya malipiro, ndi 25 pa 100 kwa okhala kutali kwenikweni. Wosamukira ku tauni ataya ndalama imeneyi. Amene apitiriza kuilandira atacoka kale, tsiku lina owerengera ndalama za Boma adzampeza, ndipo adzamdula mwezi ndi mwezi kufikira itatha. Ndalama yotere njolandidwa kwa mnzathu amene alikuoloka mtsinje ndi njinga pamutu kukafika ku sukulu.

Za moyo wa m'komboni

Tsopano ndinene za kumene ndikhala. Bauleni ali kum'mwera cakum'mawa kwa mzinda, m'mbali mwa mseu wa Leopards Hill. Mukaima pa mseu, kwina muona mipanda yaitali ya anthu olemera, kwina muona nyumba zathu zothithikana. Anthu a ku Bauleni ngolimbika. Ambiri agwira nchito m'nyumba ndi m'minda ya maluwa ya ku Woodlands ndi Kabulonga, ena alonda usiku, ena agulitsa pa msika. Mipingo yathandiza kwambiri, ndipo pali masisitere amene asamala ndi kuphunzitsa ana olumala.

Sindidzakunamizani kuti ku tauni kulibe zabwino. Cipatala cacikuru ca U.T.H. ciri pafupi, ndiponso ca Levy Mwanawasa. Wofuna kuonjezera maphunziro ali ndi University of Zambia ndi Chalimbana pafupi. Mkazi wa pakati sada nkhawa za ngolo usiku. Amene mkazi kapena mwamuna wake agwira nchito mu Lusaka sacimwa pofuna kukhala pamodzi ndi banja lake, ndipo palibe pakati pathu woyenera kumuweruza.

Koma walira mvula walira matope. Mphunzitsi wa m'komboni akhala m'nyumba ya lendi, nthawi zina zipinda ziwiri, cimbudzi cogawana ndi mabanja ena. Madzi agula, makala agula, ndiwo agula, ngakhale ciwawa cimene inu mungothyola kuseri kwa nyumba. Amene sanapeze nyumba pafupi akwera minibasi kawiri popita ndi kawiri pobwera. M'caka ca cirala ca 2024 magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo tinakonza maphunziro a mawa ndi nyali ya pa foni monga momwe inu mucitira. M'caka comweco kolera inagwira mzinda, ndipo masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 January anatsegulidwa pa 12 February. Anzathu a ku Kanyama, kumene madzi a mvula sauma msanga cifukwa ca thanthwe la pansi, anaona zotere mu 2017 ndi 2018.

M'kalasi namo muli zake. Inu kumidzi musowa aphunzitsi, ife m'makomboni tisowa zipinda. Kuyambira 2022 ana amene anali kukhala pakhomo, ndi ena amene anali m'timasukulu tolipira, anabwera ku masukulu a Boma. Ici ncinthu cokondweretsa, ndipo tiyenera kuyamika. Ndalama ya C.D.F., imene inakwezedwa mu 2022 kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse la phungu, yathandiza kugula madesiki ndi kumanga zipinda. Koma kumene kulibe malo omangapo, ndalama yokha siingathe kanthu. Cifukwa cake cipinda cimodzi cilandira gulu la m'mawa ndi gulu la masana, ndipo mwana aphunzira maola owerengeka. Mphunzitsi ayang'ana mabuku kufikira usiku, komabe satha kudziwa mwana amene watsalira. Kutumiza aphunzitsi ena ku sukulu yotere sikuonjeza kanthu ngati zipinda ziri zomwezo. Angokhala m'cipinda ca aphunzitsi kudikira kuti mnzao aturuke.

Mkati mwa mzinda momwemo mulinso kusamuka kwina kumene sikuchulidwa kawiri kawiri. Mphunzitsi akafika ku George, ku Chawama kapena ku Mtendere, posacedwa ayamba kuyang'ana sukulu ya ku mayadi, kumene ana acepa ndipo makolo athandiza. Motero mwana wa m'komboni naye aona nkhope zatsopano caka ndi caka, monga mwana wa kumudzi. M'mera mpoyamba, ndipo mwana amene asintha aphunzitsi atatu ali m'Giredi 1 afika Giredi 4 asanadziwe kuwerenga.

Anzanga a Kum'mawa, ndikucenjezeni pa cinthu cimodzi. Ena aganiza kuti popeza ku Lusaka aphunzitsa Cinyanja, nchito idzakhala yopepuka kwa Mcewa kapena Mnsenga. Cinyanja ca m'buku ndi ca m'komboni nzosiyana. Ana anga alankhula Cinyanja ca m'tauni cosakaniza ndi Cibemba ndi Cingerezi, ndipo kunyumba ena amva Cisoli, Cilenje, Citonga kapena Cilozi. Mau ambiri a m'buku ngacilendo kwa iwo. Mphunzitsi ayenera kuyamba waphunzira kalankhulidwe ka anawo, ndipo pamenepo awatsogolere pang'ono pang'ono ku mau a m'buku osawanyoza.

Zimene tingacite

Kwa amene ali ndi cifukwa coona cosamukira ndinena izi. Lembani kalata m'njira yake, ndi kusunga pepala lina lofanana nayo. Musacoke pa sukulu musanalandire kalata yokulolani, ndipo funsitsani ngati dzina lanu lasunthidwa m'buku la malipiro, kuti malo anu atseguke kwa wina. Safunsa anadya phula. Ngati muli kusinthana ndi mnzanu, mudziwane naye bwino, ndipo zonse zicitike pamaso pa ahedi ndi a ku ofesi. Musapereke ndalama kwa munthu ali yense wolonjeza kukufulumizirani transifa. Transifa sigulidwa, ndipo wogula ndi wogulitsa onse awiri angataye nchito ndi setifiketi ya Teaching Council imene lamulo la 2013 linaika. Musabwereke cikalata ca ukwati kapena ca cipatala, pakuti bodza lotere litsekera njira mnzanu wodwaladi. Ngati nkotheka, dikirani kutha kwa caka, ndipo siyani mabuku a kalasi ndi mbiri ya mwana ali yense m'dongosolo. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza.

Kwa amene afuna kusamuka cifukwa cotopa cabe, ndipempha kuti muyambe mwawerengera. Lembani pa pepala ndalama ya lendi, ya minibasi, ya ufa ndi ya makala, mucotsepo ndalama ya kumidzi imene mudzataya, ndiponso munda umene mudzasiya. Mukatero, weruzani nokha.

Kwa akulu a bungwe lathu ndi a mabungwe a aphunzitsi monga ZNUT ndipempha zinthu zinai zoti mukatinenere kwa Boma. Coyamba, buku la malipiro likonzedwe kuti dzina la mphunzitsi likhale pa sukulu imene iye aimadi patsogolo pa ana. Caciwiri, lamulo latsopano lisanayambe, awerenge aphunzitsi amene lidzasuntha, ndi kunena poyera amene adzalowa m'malo mwao. Cacitatu, amene watumikira kutali zaka zambiri mokhulupirika akhale woyamba kumvedwa akapempha kusamuka kapena kukwezedwa, kuti acinyamata aone kuti kupita kumudzi sikuiwalika. Cacinai, pa ndalama ya C.D.F. nyumba za aphunzitsi kumidzi ndi zipinda zosanjikiza m'makomboni ziikidwe patsogolo, pakuti nyumba yabwino ndi madzi a pafupi zigwira mphunzitsi kuposa lamulo lomuletsa kucoka.

Ndipo ife tokha tiri ndi gawo lathu. Mutu umodzi susenza denga. Bungwe lathu lingathe kusunga maina a ofuna kusinthana malo, kuti mphunzitsi wa ku Matero wofuna kubwerera kwao ku Katete apezane ndi wa ku Katete wofuna kutsata banja lake ku Lusaka, popanda munthu wa pakati wodya ndalama. Sukulu ya m'tauni ingathe kupalana ubwenzi ndi sukulu ya kumudzi, kutumizirana mapepala a mayeso ndi mabuku. Ife a m'tauni tingathe kulandira m'nyumba zathu anzathu obwera kudzalemba mayeso kapena kudzaonana ndi dokotala, kuti munthu asafune kusamuka konse cifukwa ca ulendo wa masiku atatu.

Makolo athu m'nchito iyi anayenda pansi kucokera ku Magwero ndi ku Msoro kukatsegula masukulu pansi pa mitengo, ndipo ambiri a ife tidziwa kuwerenga cifukwa ca iwo. Sitinena kuti mphunzitsi wa lero akhale wopanda cipatala ndi wopatukana ndi banja lake. Tinena kuti posamuka tikumbukire ana otsala, pakuti mwana wa ku Chama ndi mwana wa ku Bauleni adzalemba mayeso amodzi tsiku limodzi, ndipo onse awiri adzafunsidwa zimene anaphunzitsidwa.

A Wapampando, ngati mwa ubwana ndapyola malire pa mau ena, akulu andikonze.